Mmene Ndinathyolera Bondo la Dalitso ndi Pakamwa

Nkhani iyi pa Thuchila aliyense amaidziwa, koma amaikamba mothira mchere wambiri. Bola ndiikambe ndekha, poti manyaziwo ndi anga omwe.

Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga pamsika. Koma likafika Loweruka masana ndimasanduka katswiri wa basiketibo. Chibadwire sindinalowetsepo mpira mu ringi, koma pakamwa pokha palibe angandithe.

Chaka chimenecho mkangano wa ife okonda mpirawu unali umodzi: dolo ndani, Dalitso kapena Yona?

Dalitso ndi mwana wa mlongo wanga, wa timu yathu. Ameneyu Mulungu anangomuninkha. Wamtali ngati bulugamu, ndipo mpira ukafika m'manja mwake umangomumvera. Vuto lake ndi tulo, komanso bondo lakumanzere limene anagwera kalekale, loti nyengo yozizira limamukumbutsa.

Yona amasewerera anyamata a cha ku Mission. Wamfupi, talente yapakatikati, koma khama lake ndi loopsa. Anthu othyola tiyi akamapita ku ntchito, iye amakhala akuchokera kothamanga. Ndipo ankatisautsa zedi. Gemu iliyonse tikakumana nawo, ine ndinkabwerera kunyumba mutu ukuwawa.

Nthawi imeneyo Dalitso anali atapeza mbeta, Tamala wa ku Muloza, ndipo nkhoswe yake ndinali ine. Tsiku lokafunsira tinali titapangana kale. Akuchikazi ndinali ndisanawaonepo, ndinkangomva kuti mwini mbumba ndi atsibweni ake a Tamala, bambo Namakhwa, amene amachita geni ku Milange, tsidya la ku Mozambique.

Kenako kunabuka mphekesera yoti timu ina ya ku Blantyre ikutumiza munthu kudzasaka osewera. Mlongo wanga anafika pamene ndimagwirira ntchito ali wefuwefu.

"Achimwene, mwana uyu akangopita m'tauni, ukwati watha! Muchitepo kanthu."

"Chemwali, khazikani mtima pansi. Zimenezo zisiyireni ine."

Loweruka lotsatira tili pabwalo, gemu yatentha, ndinangoona bambo wina wachilendo akubwera. Kapusi kumutu, magalasi akuda, jekete yonyezimira yokhala ndi chithunzi cha mpira wa basiketibo kumsana. Ndinati ndameneyu wa ku Blantyre uja!

Anadzakhala pafupi nane, n'kupereka moni mwaulemu.

"Wamtali uyo ndiye Dalitso?"

"Ndi yemweyo, bwana."

"Mumamudziwa bwino?"

"Ine? Kuposa mayi ake."

Kuti ndine malume ake sindinanene. Munthu wanzeru saulula zonse, ndinadziuza choncho.

Nthawi yomweyo Dalitso anadumpha n'kudanka mpira mu ringi, bwalo lonse linaphulika. Ine ndinangopukusa mutu ngati ndaona maliro.

"Musanyengeke, bwana. Talente ilipo, sindikana. Koma ulesi! Mwana uyu dzuwa limamupeza pamphasa tsiku lililonse."

"Oo? Sadzuka m'mawa?"

"Akadzuka m'mawa ndiye kuti m'nyumba mwalowa linthumbu."

Bambo aja anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ine mumtima ndikuti, zikuyenda!

"Nanga akapatsidwa ntchito, amamaliza?"

"Amayamba bwino. Ikafika hafu taimu, mphamvu zonse zatha. Kukamba za training ndiye musayerekeze. Kochi amachita kukamukoka kunyumba ngati mbuzi yopita kumsika."

"Thanzi lake?"

Apa ndiye ndinakhala bwino, n'kutsitsa mawu.

"Bondo, bwana. Bondo lija linatha kalekale. Mukuona akuthamangamu ndi mankhwala. Chaka chamawa ameneyu adzayendera ndodo. Amene amutenge adziwe kuti watenga wodwala, azingomusamalira basi."

"Zoona?"

"Ndikunamizireni chiyani ine?"

Ndiye ndinaganiza zopha makoswe awiri ndi diwa limodzi. Bwanji osamupatsa Yona, apite ku Blantyre, ife tipume?

"Mukafuna mnyamata weniweni, onani wamfupi uyo, Yona. Khama! Sadwala, sadandaula, satopa. Mukamuuza kuti thamanga, amafunsa kuti mpaka kuti. Ine ndikanakhala inu, ndikanatenga ameneyo lero lomwe."

"Ndiye mukuti wamfupiyo aposa wamtaliyu?"

"Kutalitali! Dalitso ndi wokongoletsa bwalo chabe."

"Nanga za atsikana?"

Funso limeneli linandidabwitsa pang'ono, koma ndinati kaya, matimu a m'tauni amafufuza zonse.

"Aaa, bwana, mwana wamtali chonchi, woomberedwa m'manja tsiku lililonse? Ine ndisanene zambiri."

Bambo aja anaimirira, n'kundigwira chanza ndi manja awiri.

"Mwandithandiza kwambiri, akulu. Obrigado."

Munthu wa ku Blantyre kunena obrigado, zikomo wa Chipwitikizi cha ku Mozambique! Ine osadabwa ngakhale pang'ono. Ndinapita kwa mlongo wanga ndikuyenda monyada.

"Chemwali, gonani tulo. Blantyre yatha. Ndamugwetsa mwana wanu moti palibe timu ingamufune."

Anandiphikira tiyi wamkaka tsiku limenelo.

Tsiku lokafunsira linafika. Ndinavala suti yanga ya kutchalitchi, tinakwera minibasi mpaka pa Muloza, kenako kabaza. Dalitso ndinamusiya pamsewu pansi pa mtengo wa mango, poti nkhani zotere mwini wake sakhalapo.

Anandilandira bwino mayi ake a Tamala, n'kundipatsa mpando pakhonde.

"Dikirani pang'ono, achimwene akubwera."

Chitseko chinatseguka. Choyamba kuona inali jekete. Yonyezimira yomwe ija!

Anthuni, thukuta linatuluka ngakhale m'makutu. Ndinayang'ana njira imene ndinadzera, koma wakabaza anali atapita.

Bambo Namakhwa anakhala pansi mosapupuluma. Anavula magalasi aja, n'kuwapukuta ndi mpango, n'kundiyang'ana.

"Takulandirani. Nkhope iyi ngati ndinaionapo?"

"Mwina... mwina pamsika, bambo. Ndimakonza njinga."

"Ayi, si pamsika. Kambani, tikumva."

Mawu onse amene ndinakonzekera anathawa. Ndinangoti, "Tabwera... ndabwera m'malo mwa mwana wathu. Waona mbeta pakhomo pano."

"Mwana wanu uti? Wamfupi wakhama uja?"

"Ayi, bambo. Wamtali."

"Wamtali! Wodzutsidwa ndi linthumbu uja?"

Mayi ake a Tamala anasuntha pamkeka kuti amve bwino.

"Bambo, masiku ano anasintha. Akumadzuka tambala woyamba."

"Wasintha sabata yomweyi? Nanga bondo?"

"Bondo lili bwinobwino! Likhoza kunyamula thumba la chimanga kuchoka pano mpaka ku Thuchila."

"Si lija munati chaka chamawa ndi ndodo?"

"Linachira."

"Mwamva, chemwali? Kwawoko kuli asing'anga amphamvu."

Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Akulu, ine sindinapite kumeneko kukaonera mpira. Sindidziwa n'komwe kuti wawina amadziwika bwanji. Mwambo mukuudziwa: munthu asanalowe m'mbumba, mwini mbumba amayamba wafufuza mwakachetechete. Kwathu kuno mkamwini amadzakhala pompano. Munda wa apongozi ake ndi uwo mukuuonawo. Ndiye ndinkafuna kudziwa ngati amadzuka, ngati amamaliza ntchito, ngati miyendo ili bwino. Tsopano ndiuzeni chinthu chimodzi. Munanama tsiku liti, lija kapena lero?"

Funso limenelo lilibe khomo lotulukira. Ndikati lija, ndine nkhoswe yabodza. Ndikati lero, Dalitso wataya mkazi chifukwa cha ine. Ndinaganiza za mwana uja ali pansi pa mango, atavala malaya obwereka, akudikira uthenga wabwino. Ndinamva chisoni chenicheni.

Ndinatsika pampando n'kugwada, suti yanga ili m'fumbi.

"Bambo, ndinanama tsiku lija. Ndimayesa ndinu sikauti wa timu ya ku Blantyre, mwabwera kudzamutenga. Ndimafuna asapite kuti akwatire mwana wanuyu."

"Sikauti? Ine?"

"Jeketeyo, bambo."

Anadziyang'ana, kenako anayang'ana mlongo wawo.

"Iyi? Ya pakaunjika iyi! Ndinagula ku Milange chifukwa cha mphepo ya panjinga!"

Mayi aja anaseka mpaka kugwira pansi. M'nyumba namo munamveka kuseka, kusonyeza kuti Tamala ndi anzake ankamvetsera kuseri kwa chitseko. Ngakhale mayi wina wodutsa ndi ndowa pamutu anaima, osadziwa nkhani, n'kuyamba kuseka nawo.

Bambo Namakhwa atapukuta misozi anati, "Dzukani, akulu. Mwayi wanu ndi woti sindinafunse inu nokha. Anthu ena onse anandiuza kuti mnyamatayo ndi waulemu, samwa, ndipo tulo take n'tochiritsika. Mwanayunso akumufuna. Tavomera."

Ndinapuma ngati tayala lophulika.

"Zikomo, bambo! Zikomo kwambiri!"

"Musafulumire. Mawu a nkhoswe sagwa pansi. Inu munanena ndi pakamwa panu kuti bondo la mkamwini wathu linatha. Ife sitingaphe mwana wa eni ake ndi khasu. Chaka chino apume, tione ngati lachiradi."

"Nzeru zimenezo, bambo."

"Koma munda sudikira bondo. Mvula ili pafupi. Ndiye mizere ya chaka chino atiungira ndi nkhoswe yake."

"Ine?"

"Inu nomwe. Khasu mubwera nalo, kapena tikubwerekeni?"

Ukwati unachitika, ndipo awiriwo akukhala bwino mpaka lero. Munda uja ndinaulima ndekha, Dalitso atakhala pamthunzi, mwendo uli pampando, akundikuwira kuti mzere wapindika.

Musanagwetse mtengo wa m'bale wanu, yambani mwafunsa wogulayo kuti kwawo n'kuti.