Tsiku limene ndinaika abusa m'manda ali moyo

Mpaka lero ndikamva nyimbo ya maliro makutu anga amatentha. Si chisoni ayi, ndi manyazi.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 8, koma kuwerenga sindinaleke. Kuno ku Joni ndimagwira yaulonda, ndipo mabuku akutha amene ogulitsa amayala pansi ku Joubert Park ndatsala pang'ono kuwamaliza. Ndiye kumpingo kwathu kwa Amalawi, m'kaholo kobwereka ku Cosmo City, pepala lofunika kuwerenga pagulu amapatsa ine. Tsoka lake, kuno pepala lotere limakhala la mtundu umodzi: mbiri ya womwalira, bokosi lisananyamuke ulendo wa kumudzi. Ndawerenga zambirimbiri (amayi a Mvano amati ndikafika poti "wasiya ana", ngakhale mwala umagwetsa msozi).

Tsiku lina tinamva kuti kukubwera mlendo: abusa okalamba ochokera kwathu, amene anaphunzitsa zinenero ku yunivesite zaka zambiri, nathandizanso kumasulira mabuku a mpingo. Anali atapuma pantchito, akudzaona mwana wawo wamkazi, ndipo anavomera kutilalikira. Mkulu wampingo, bambo Kachingwe, anandikokera pambali.

"Achimwene, mbiri ya abusa muwerenga ndinu. Chonde musatichititse manyazi."

Ndinavomera, pakuti ndinali ndi changa chobisa. Ndili ndi kope limene ndakhala ndikulembamo mawu akale ndi miyambi yotola kwa madala a m'migodi. Ndinkafuna munthu mmodzi wodziwa alione, andiuze ngati ndi ntchito kapena misala chabe. Poimbira foni mwana wawo uja kufunsa za moyo wa abusa, ndinatchulako za kopelo mwamanyazi.

Mbiri ndinailemba momwe dzanja linazolowera. Kumene anabadwira, kumene anabatizidwira, sukulu, ubusa, yunivesite. Lamulungu ndinavala jekete lakuda (lija la kumaliro, lina ndilibe), kope m'thumba lamkati.

Nditaimirira, abusa atakhala pafupi nane penipeni, mawu anatsika okha. Mutu unapendekeka wokha.

"Abale ndi alongo, tasonkhana pano chifukwa cha bambo wathu."

Holo yonse zii. Ndinaona kuti zikuyenda, ndiye ndinawonjezera moto. Nditafika pa za ubwana wawo, akuyenda wapansi kupita kusukulu opanda nsapato, mayi Nabanda, mtsogoleri wa Mvano, anayamba kufwenthera. Abambo awiri ochedwa anaima pakhomo, navula zipewa. Mmodzi ananong'oneza mokweza, "Zachitika liti?" Ine ndinamva, koma sitima inali itachoka kale pasiteshoni.

"Bambo wathu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu."

Pamenepo pepala linali litatha. Ndikanangokhala pansi. Koma pakamwa panamaliza pokha:

"Mzimu wawo uuse mumtendere."

"Ameni," mpingo unayankha, ndipo mayi Nabanda anayambitsa nyimbo yotulutsira bokosi.

Bambo Kachingwe anandikoka jekete mpaka batani kudumpha. "Eish, achimwene! Munthu ali pompano akumwa madzi!"

Ndinakhumba simenti itang'ambika indimeze. Abusa anaimirira pang'onopang'ono, nagwira pachifuwa ngati akufufuza mtima.

"Ukugundabe," anatero. "Ambiri mbiri yawo saimva. Ine ndaimva, ndaonanso odzandilira. Amayi, zikomo. Koma bokosi musayambe mwagula."

Anthu anaseka mpaka kugwirana. Za ulaliki musandifunse, sindinamvepo kanthu.

Titaweruka ndinakabisala kuseri kwa mipando, ngati ndikuthandiza kusanja. Abusa anandipeza komweko.

"Aphunzitsi," anandiitana choncho, ine wa Sitandade 8. "Muli ndi mphatso. Ndalalikira zaka zonsezi, sindinalizepo anthu msanga chotere. Mwana wanga akuti muli ndi kope la mawu. Lili kuti?"

Kope linali likundibaya m'nthiti. Koma ndikanayamba bwanji kupatsa munthu ntchito, nditangomuika kumene m'manda?

"Ndaliiwala kunyumba, abusa."

Inde, ndinanamiza m'busa, m'tchalitchi, Lamulungu. Iwo anayang'ana thumba langa lotupa, namwetulira. Anatenga pepala la mbiri lija, nalemba adiresi yawo kuseri kwake.

"Mudzanditumizire. Koma musachedwe nalo. Mwamva nokha kuti ndamwalira kale kamodzi."

Sabata yotsatira anabwerera kumudzi. Kumpingo ana akandiona amavula zipewa, ndipo uthenga wa paukwati wa mwezi watha anapatsa wina kuti awerenge.

Envulopu ndinagula, adiresi ndinakopera, kope ndinalowetsamo. Ili pamwamba pa wadiropu miyezi itatu tsopano. Ndikati nditumize, ndimamva mayi Nabanda akuyambitsa nyimbo, n'kuibwezera pomwepo. Chimene ndikuopa n'chimodzi: kuti ndidzazengereza mpaka tsiku lodzawerenganso pepala lija, popanda wondikoka jekete.