Matabwa a pabalaza

Lolemba

Ndawerenga kawiri. Matabwa a pansi pabalaza alipo 41. Nyumba ino kampani yatipatsa mwezi watha, nditakwezedwa kukhala kapitawo wa othyola tiyi. Kale munkakhala makalaliki, ndipo onse ankapaka polishi wofiira ngati ndi pansi pa simenti. Thabwa silikuoneka kuti ndi thabwa.

Lamulungu kukubwera ankhoswe ochokera ku Thekerani kudzafunsira mbeta mwana wathu Esnati. Ndamva kuti malume ake a mnyamatayo amayamba kuyang'ana pansi asanayang'ane munthu. Nyumba ikawanyansa, nkhani imathera pakhomo. Sindikufuna mwana wanga akanidwe chifukwa cha pansi.

Ndapala pakona ndi mpeni kuti ndingoona. Kodi! M'kati muli thabwa loyera, la mizere yokhotakhota ngati mizere ya tiyi paphiri. Ndagwada n'kununkhiza. Mkungudza kapena? A Namakhwa, kalipentala wa kampani, akuti: "Palani ndi galasi la botolo, motsata mizere. Mukapingasa mulira nokha."

Zofunika:
- mabotolo osweka
- sandipepa
- vanishi, chitini chimodzi
- bulashi
- anthu asamadutse pabalaza

Lachiwiri

Ndikuyamba ndikangoweruka. Matabwa asanu ndi anayi atheka. Zala ziwiri zachekeka.

Polishi si mmodzi ayi. Pamwamba wofiira, pansi pake wakuda, pansi penipeni phula la kandulo. Kalaliki aliyense anasiya chake. Wa kanduloyo anali munthu wotani?

Polishi akachoka, pakati pa matabwa pakutsala mipata. Mphepo ikulowera momwemo. Zomwe ndatola m'mipata: batani, singano ziwiri, lezala, dzino la chipeso, njere ya nandolo.

Amake Esnati aima pakhomo ndi beseni, kudikira kuti ndiwalole kudutsa. Akuti: "Bambo, anthuwo akubwera kudzaona mwana, osati matabwa." Ndawapempha azungulire kuseri.

Lachitatu

Ndapempha tsiku kuntchito. Ndapala kuyambira m'mawa, onse 41 ayera. Msana ukuwawa ngati ndasenza dengu la masamba kuchokera kumunda wa ku Kapichi.

Koma ayera mopitirira, ngati chinangwa chosenda. Kunyumba kwa bwana manijala, tsiku lomwe ndinakasiya kalata, matabwa anali a mtundu wa uchi. Ndaganiza: chimene chimadetsa makapu athu n'chiyani? Tiyi! Ndipo kuno tiyi sitisowa.

Ndayesa pa matabwa atatu:
- woyamba, tiyi wopepuka: palibe chasintha
- wachiwiri, wowira kawiri: uchi weniweni!
- wachitatu, wotsala mu ketulo ya amake Esnati: wokongola kuposa onse

Wachitatuyo anali ndi shuga. Nyerere zadziwa ine ndisanadziwe. Zatulukira m'mipata, mzere wowongoka kuposa wa anthu anga popita kusikelo. Ndatsuka, ndapaka wachiwiri ponseponse.

Kumwamba kwayamba kuda cha ku Mulanje. Chiperoni?

Lachinayi

Chiperoni. Nkhungu mpaka pakhonde, kamvula kosaleka. Komabe ndapaka vanishi, masiku atha. Pachitini alemba kuti amauma pa maola asanu ndi limodzi. Amene analembayo sanafikepo ku Thyolo.

Masana kwafika apongozi aakazi kuchokera ku Masambanjati, kudzathandiza za alendo. Abwera ndi mkoko wa nthochi ndi nkhuku yaikazi. Ndawapatsa moni ndili kuseri kwa chitseko, monga mwa mwambo. Zaka makumi awiri ndi zitatu tsopano, nkhope yawo ndimaidziwa cham'mbali basi.

Nkhuku yamasuka chingwe. Pa zitseko zonse yasankha cha pabalaza. Mapazi 17, nthenga 4, ndi china chimene sindilemba. Pothawa yagwetsa mkeka womwe ndinauimika kukhoma, ndipo mkekawo wamatirira.

Ndamva apongozi kukhitchini akuuza mwana wawo: "Iwe, amuna akowa nyumba yawalaka. Pansi ponse mipata, njoka ilowa. Alendo mukawakhazika pa ulimbo?"

Lachisanu

M'mawa ndakhudza vanishi ndi chala. Chala chabwera ndi ulusi. Ndaika mbaula pakati pa balaza kuti pawume. Ndauza amake Esnati katatu: munthu asalowe, nkhuku isalowe. Ndapita kuntchito. Tsiku lonse maganizo ali kunyumba, mpaka ndalemba dengu la mayi wina kawiri.

Ndabwera madzulo. Pakhonde pali ndowa, ndi dothi lakuda la kudambo. Ndatsegula chitseko.

Azira!

Apongozi azira pabalaza ponse. Matabwa 41 ali pansi pa dothi. Mipata yonse atseka, asalaza ndi mwala, m'mbali azunguliza mzere wa dothi loyera. Mbaula yanga aisunthira pakona kuti iwathandize kuumitsa.

Ndakokera amake Esnati kuseri kwa bafa. Ndati akawauze kuti thabwa salizira. Akuti: "Ndi amayi anga, koma matabwa ndi anu. Kawauzeni nokha."

Ndikawauze bwanji? Mkamwini sayang'anana ndi apongozi, nanga kuwadzudzula? Ndapita, ndaima kuseri kwa chitseko, ndatsokomola. Chomwe chatuluka pakamwa: "Amayi, mwagwira ntchito. Zikomo."

Iwo: "Musadandaule, bambo. Mwamuna sangadziwe zonse."

Loweruka

Dzuwa latuluka. Lero! Likanatuluka Lachinayi?

Dothi lauma pofika masana. Vanishi masiku awiri anakana, dothi theka la tsiku la dzuwa. Ndayesa kulikanda ndi chikhadabo pamene palibe wondiona. Silikuchoka. Vanishi wosauma uja waligwira gwa, kuposa mmene limagwirira pansi wamba. Izi ndikawafunse a Namakhwa, mwina sakuzidziwa.

Esnati wandipeza nditagwada. Akuti: "Ababa, chonde, mawa musawauze anthu za tiyi."

Kupalanso 41 lisanafike mawa? Mabotolo atha. Zala zatsala zabwino zisanu ndi ziwiri.

Lamulungu

Afika titangochoka kutchalitchi, anthu anayi. Malume aja, bambo wamtali wa jekete la bulauni, aima pakhomo. Ayang'ana pansi. Ayang'anabe. Ine thukuta, kuzizira konseku.

Avula nsapato.

Akuti: "Nyumba ya kampani, koma yozira ngati kwathu. Ena akangokwezedwa amaiwala dothi. Mwana wokulira muno sangatichititse manyazi."

Polowa, pansi palira gu, gu, ngati ng'oma. Aima, apondanso. "Dothi la kuno limalira?" Amake Esnati andiyang'ana. Ndati ndi chinyezi cha chiperoni.

Nkhani yayenda bwino. Nkhuku ija tadya. Ukwati ndi pambuyo pa mvula zoyamba. Potsanzika malume afunsa amene anazira, ndipo apongozi ayankhira kukhitchini kuti maganizo anali a mkamwini wawo.

Alendo atapita ndasuntha kabati. Pansi pake mwala wa apongozi sunafike. Patsala kamalo ngati chikhato, kouma, kowala, mtundu wa uchi, mizere yonse ikuoneka. Tiyi wowira kawiri uja analondola ndithu. Ndayang'ana kanthawi, ndabwezera kabati.

Apongozi akuti akhala mpaka ukwati. Atumiza Esnati kudzafunsa ngati kuchipinda kwathu nakonso kuli matabwa.

Kuli 28.