Golo Limene Ndinabwereketsa

Ndani wanena kuti anandichotsa mu timu? Ndinu a Jemusi? Ikani kaye makina ometerawo pansi, mutu wa bamboyo suthawa, chifukwa mawu amenewo mwawatola m'minibasi ndipo sindilola kuti anthu onse akhala pabenchi apa apite nawo kunyumba. Ine Luwizi Namakhwa wa kuno ku Chirimba, amene Blantyre yense ankanditchula kuti Chitseko, goloboyi wa hoke, palibe munthu amene anaimapo pamaso panga n'kunena kuti a Namakhwa takuchotsani. Amene ali ndi umboni aimirire. Mwaona? Palibe waimirira.

Ena a inu hoke mumangoimvera pa wailesi. Si mpira wa miyendo uja mumaulandira pachifuwa uku mukumwetulira ayi. Mpira wa hoke ndi wochepa ngati lalanje koma ndi mwala weniweni, amaumenya ndi ndodo yokhota kumapeto, ndipo ukamabwera sumauona, umangomva mluzu wake. N'chifukwa chake goloboyi amavala helemeti, magolovesi, chotchinga pachifuwa ndi mapadi ofika m'ntchafu, mpaka amaoneka ngati matilesi akuyenda okha. Ine ndinavala zimenezo zaka zinayi ku koleji, ndipo ndikulumbira pali mayi anga amene anagona ku Mulanje, ukonde wa kumbuyo kwanga sunagwedezekepo, moti nkhuku ya mlonda wa pasukulupo inaona kuti malo abata m'tauni monse ndi m'golo mwanga, inalowamo, inaikira mazira khumi ndi awiri, inafungatira, inaswa, anapiye anakula mpaka tambala woyamba kulira, ligi ili mkati, ndipo palibe dzira ngakhale limodzi linachita mng'alu. Mukumva? Tsiku lina kunagwa chiperoni choti munthu sumaona dzanja lako, chinaphimba bwalo lonse, chinafika pa mzere wanga, ndinachiyang'ana n'kutambasula manja, chinakhota. Bwalo lonse chifunga, m'golo mwanga mokha dzuwa lili phwee, amayi a m'makomboni anabwera kudzayanikamo matewera.

Nditamaliza koleji inanditenga timu ya kampani ina yopanga misomali ku Ginnery Corner. Inali timu yaing'ono, sindikubisirani. M'mawa tinkagwira ntchito, ine ndinali kosungira katundu, masana thireningi, mwezi ukatha ankatipatsa kenakake ka sopo. Koma tinali osewera olipidwa, ndipo ndikamatsika minibasi ndi chikwama changa cha zida, makondakitala ankasiya kuitanira anthu. Kochi wathu anali a Sabola, mkulu wa mpingo, munthu waulemu woti akagunda mpando ankaupepesa.

Kumeneko n'kumene ndinachita zija mpaka pano akuluakulu a ku Limbe sakonda kuzikamba. Kaputeni wa timu ya ku Limbeko anali ndi mkono ngati mtanda wa denga, anapatsidwa shoti kona, mpira wa chilango womenyera pafupi ndi golo, mphindi yomaliza, anaumenya mpira mpaka fumbi linayaka moto, ine ndinangoupatsa phazi la kumanzere, gwa, mpirawo unakwera, unadutsa pamwamba pa Nyambadwe, unathyola mapapaya atatu kwa bwana wina, unagunda phiri la Ndirande, unabwerera, unadutsanso pamwamba pathu tili kukamwa yasa, unakatera mu dengu la tomato mumsika wa Limbe osaphwanya ngakhale mmodzi, ndipo mayi wa tomatoyo, pokhala munthu woopa Mulungu, anaukweza minibasi, unabwera wokha utakhala mpando wakutsogolo, kondakitala akuulemekeza kuti achimwene. Oyimbira anadikira mpaka unafika ndiye anaimba wezulo yomaliza. Mukuseka chiyani a Jemusi? Munaliko?

Tsono zaka zinapita, ndipo kunabwera masewero amodzi, amodzi okha, amene anthu a kaduka amawakumbukira kuposa maina a ana awo. Akuti ndinalowetsa zigoli zisanu ndi ziwiri. Zinalowa, inde, koma funsani chifukwa chake. Choyamba ndinachilola chifukwa wogoletsayo apongozi ake anali m'gulu la oonerera. Chachiwiri ndinkafuna kuona ngati ukonde ukadali wolimba, poti unali usanagwirepo ntchito. Zinazo ndinkaphunzitsa otchinga kumbuyo athu, amene anali atazolowera kucheza za atsikana masewero ali mkati. Limenelo linali Loweruka.

Lamlungu masana, nditangobwera ku misa, ndinamva odi. Kusuzumira, a Sabola, a Mondiwa amene anali wapampando wa timu, ndi kaputeni wathu, onse atatu atavala majekete, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndinawalandira, ndinawakhazika pamipando yabwino, ndipo moni asanamalize ndinafuula kuseri kuti, "Mayi a Rozina, kwabwera alendo, gwirani tambala uja!"

A Sabola anaimika manja onse awiri. "Ayi a Namakhwa, musavutike, sitikhalitsa."

Koma mpeni unali utadutsa kale. Mkazi wanga pa nkhani ya nkhuku sachedwa. Tinakamba za mvula imene inkachedwa, tinakamba za msewu wa kuno umene unali maenje okhaokha, mpunga unabwera, tinasamba m'manja, a Sabola anapemphera pemphero lalitali lopempha Mulungu kuti atipatse mitima yolandira zinthu zovuta. Tili mkati mwa kudya anakonza kukhosi n'kuyamba kuti, "A Namakhwa, ife tabwera ndi kankhani." Pomwepo ndinatenga nthutumba n'kuwaikira m'mbale mwawo ndi manja awiri. Inu nonse mukudziwa kuti nthutumba sapatsa munthu wamba, amapatsa mlendo wolemekezeka. A Sabola anaiyang'ana nthutumba ija nthawi yaitali, anayang'ana a Mondiwa, a Mondiwa anayang'ana kudenga, kaputeni anakwirira nkhope m'mbale. Kenaka a Sabola anati, "Tabwera kudzakuthokozani pa ntchito imene mwaigwirira timu." Ndinawaperekeza mpaka pa siteji, ndipo Lolemba ndinali woyamba kufika pa thireningi.

Lamlungu lotsatira anabweranso, majekete omwewo. Linapita thadzi lofiira. Anandithokozanso. Lamlungu lachitatu anabwera mochenjera, atadya kale kwawo, a Mondiwa akutokosa m'mano kuti ndione, koma kwa Namakhwa munthu satuluka ndi mawu akuti ndakhuta, ndipo linapita thadzi lomaliza limene linali likufungatira, mayi a Rozina akulisosola nthenga uku akundiyang'ana ndi diso loti tikambirana alendo akapita. Tsiku limenelo a Sabola anadya nthutumba misozi ili m'maso, n'kunena kuti goloboyi ngati ine sadzapezekanso. Mwamva? Anthu obwera kudzakuchotsa amalankhula choncho?

Khola litatha, iwonso anasiya kubwera, ndipo kunayamba zobwereka. Zida za goloboyi pa timu ngati yathu zimakhala za munthu mmodzi basi, n'zodula, ndipo amazisunga ndi goloboyiyo. Lachiwiri a Sabola anati, "Tibwerekeniko helemeti, kalamba kake tikasoketse." Ndinapereka. Lachinayi anati magolovesi akufunika kuchapa. Ndinapereka. Sabata yotsatira chotchinga pachifuwa akuti abwana a kampani akufuna kuchiona, kenaka mapadi akuti akawayeze kuti agule ena atsopano. Chilichonse ankachipempha atagwira chipewa m'manja, ndipo ine sindimana munthu wopempha mwaulemu. Palibe chinabwerera.

Mukuganiza kuti ndinakhala pakhomo? Ndinalowa m'golo ndi kabudula ndi malaya okha, miyendo ili pamtunda, anyamata akuopa kumenya, ine ndikuwakalipira kuti menyani, ndipo wina atamenya ndi mtima wonse mpira unandipeza pa msongolo uwu n'kugawanika pakati ngati chipwete, theka linapita kumanja, theka kumanzere, onse awiri kunja kwa golo, mpira wachiwiri ndinaulandira ndi chipumi unabwerera n'kukathyola ndodo ya amene anaumenya, wachitatu ndinaugwira ndi mano, dzino ili mukuliona palibeli linatsala mu mpira momwemo ndipo anyamata anasewera nawo chaka chonse ukuluma aliyense woupeputsa. Bwerani mugwire pa msongolo apa a Jemusi. Gwirani, musaope. Chimenecho si fupa la munthu wochotsedwa mu timu.

Ndiye linafika Loweruka la masewero, ndi timu ya ku Limbe yomwe ija. Ndinafika m'mawa, chikwama chopanda kanthu paphewa, kuti ndilandire katundu wanga. Oyimbira atandiona ndikulowera kugolo anandiimitsa, akuti malamulo salola goloboyi wopanda helemeti. Ndinati palibe vuto, helemeti yanga ili kosoketsa, ikubwera. Kutembenuka, ndinaiona ikubweradi. Inali pamutu pa Dalitso, goloboyi amene anali atangomaliza kumene pa koleji yanga yomwe ija. Magolovesi anga ochapidwa bwino ali m'manja mwake, mapadi anga ali m'miyendo mwake, ndipo anamukwana ngati anamuyeza. Kumbuyo kwake kunkabwera a Sabola, akuyenda ngati akupita kukalengeza maliro, chipewa chili m'manja. Pamenepo panalibe nkhuku yoti ndigwire.

Anafika pafupi, anatsegula pakamwa, anati, "A Namakhwa..." Ine ndinawadula, ndipo ndinakweza mawu kuti amve mpaka ogulitsa nzimbe kuchipata. Ndinati, "A kochi, ndaganiza kuti mwanayu ndimubwereke golo langa lero, aphunzireko. Ndikalifuna ndidzanena." A Sabola anandigwira dzanja ndi manja awo awiri, anawerama, anati, "Zikomo a Chitseko, tikusungirani." Ndinamumanga ndekha Dalitso lamba wa helemeti, ndinamuuza kuti kaputeni wa ku Limbe amakonda kumanzere, n'kupita kukakhala pa benchi ya oonerera koyamba m'moyo wanga.

Tsopano tsekani chitseko cha shopuyi pang'ono, izi si za anthu odutsa mumsewu. Ndinadziwa. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe lija nditangoona majekete pawindo, ndipo tambala uja anafera mlandu umene sanaudziwe. Zigoli zisanu ndi ziwiri zija panalibe za apongozi a munthu. Sindinazione. Chiperoni chija ndinachikaniza kulowa m'golo ku koleji chinasunga mkwiyo zaka zonsezo, kenaka chinabwera n'kudzakhala m'maso mwangamu, ndipo chaka chonse chomaliza mpira ndinkaugwira ndi makutu. Ndinkaopa, anthu inu. Mpira wothyola fupa sindinauopepo, koma mawu atatu okha, a Namakhwa takuchotsani, ndinkawaopa kuposa imfa, chifukwa kuchokera ndili mnyamata sindinkadziwa kuti kunja kwa golo munthu amaima pati. Nditakhala pa benchi paja sindinaone kalikonse m'bwalomo, ndinkangomva mapadi anga akulira gwa, gwa, pa miyendo ya munthu wina, ndipo ndinalira, ndikunamizira fumbi.

Tsegulani tsopano, zimenezo zatha ndipo amene akazitulutse kunja tionana. Chimene ndikufuna mupite nacho n'chakuti mawu aja sanatuluke. Papita zaka zambiri, ntchito yosunga katundu ndinapuma, maso anandichita opaleshoni diso limodzi likuona, Dalitso yemweyo anamera imvi ndipo golo analipatsira wina, koma onsewo ndi obwereka. A Sabola akadali moyo, amayenda ndi ndodo, ndimakumana nawo ku Limbe akamachokera kuchipatala. Ndimawafunsa kuti, "A kochi, golo langa lili bwanji?" Iwo amavula chipewa n'kunena kuti, "Tikukusungirani, a Chitseko." Kafunseni ngati ndikunama, amakhala kufupi ndi tchalitchi chawo, aliyense akulozerani.

Ndiye a Jemusi, mukamameta anthu muziwauza zoona. Goloboyi wa timu ija ndi ine mpaka lero, ndinangobwereketsa. Ndipo munkadabwa kuti n'chifukwa chiyani kuseri kwa nyumba yanga kuli nkhuku makumi anayi, koma sindigulitsa, ngakhale pa Khirisimasi mumachita kundichonderera ine n'kukana? Mayi a Rozina amadziwa. Tsiku lililonse Lamlungu ndikabwera ku misa ndimanola mpeni n'kukhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Ngati alipo amene walimba mtima kuti adzanene mawu aja, avale jekete lake abwere. Adzadya nthutumba mpaka adzatopa.