A Msamutsa ndi Kagalasi ka Akazi Awo

"Kagalu aka sikakusangalala m'nyumba muno."

Mwamva? Kagalu kadothi, khutu limodzi linathyoka kalekale, kangoti phee pakabati, koma eti sikakusangalala. Amenewo anali mawu a malemu a Msamutsa. Ankawanenera m'mphuno, mutu utapendekeka ngati nkhuku yaona kabawi. Akangotero basi, dziwani kuti kagaluko lero kakagona kwina.

Bambo amenewa ankatolera tinthu takale. Timiphika ta maluwa, mabelu amkuwa, nyale zadzimbiri, timipando toti ukakhalapo bondo likupatsa moni khutu. Ena akatolera zotere amatsekera m'nyumba n'kumapukuta. Iwowa ayi. Kukacha ankanyamula thumba n'kuyamba kulowa nyumba ndi nyumba mumsewu wathu uno. Akhala pansi, mucheza, amwa madzi, atsanzika bwinobwino. Akangotuluka, mukaona pashelefu pali kabelu koti simukukadziwa, ndipo kamphika kanu kapita. Kapita kuti? Kwa aneba. Nanga ka aneba? Kali kwa aphunzitsi. Dzina loti Msamutsa linachokera pamenepo.

Ukawafunsa chifukwa, tsiku lililonse yankho lake.

"Kunali mphepo pamenepaja."

Mawa lake: "Sikamagwirizana ndi wailesi yanu."

Amene anavutika zenizeni ndi akazi awo. Mayi aja ankati akatembenuka kuti akhale pakampando, n'kupezeka akhalira mphepo, kampando kali msewu wina. Anazolowera, anangoika lamulo limodzi lokha. Anali ndi kagalasi kodziyang'anira kamene anawasiyira malemu mayi awo, kachigwiriro chamtengo, kuseri kwake kosemedwa timbalame. "Samutsani zonse, bambo, ngakhale chitseko ngati mukufuna. Koma aka ayi." Ndipo anakakulunga m'kansalu n'kukaika pansi penipeni m'dirowa.

Maliro a bambo aja atatha, anthu atabalalika, mayi aja anatsegula dirowa lija. Kansalu kalipo. Anakafunyulula. M'kati muli belu.

Anakhala pabedi, belu lili m'manja, osadziwa kuti alire kapena akalipe. Nanga munthu woti wagona kale umukalipira bwanji? Anangovala nsapato n'kutuluka.

Anayambira kwa neba wina, dalaivala wa lole. Anawalandira ndi mkazi wake.

"Kagalasi? Ayi amayi, ife anatisiyira kambale kotayiramo phulusa la fodya."

"Amuna anu amasuta?"

"Ndi pamene panagona nkhani! Anangofika kuchokera kuulendo, kuona kambale patebulo. 'Amake mwana, akusuta muno ndani?' Ine ndati palibe. 'Nanga aka?' Ndati ndimayesa mwabwera nako ndinu. 'Ndabwera nako bwanji chikwama chili paphewa?' Amayi, ndinali nditamanga kale katundu wanga, ulendo wa kwathu. Kenako amuna anu pakhomo: 'Odi, odi! Kambale kaja kazolowera?'"

"Ndiye bweretsani ndikabweze."

"Iii, ayi. Timasungiramo makiyi. Komanso tikayambana amuna anga amangokaloza, basi tonse kuseka."

Mayi aja anapita kwa atelala. Atelala anatulutsa mapini m'kamwa n'kuyamba kuloza.

"Nyale iyo ndi yanu. Ayi dikirani, ndi ya aphunzitsi, koma inadzera kwanu. Kanjovu ako ndi kanga, kanapita n'kubwerera kokha. Kapu iyi ndi ya apolisi."

"Ya apolisi?"

"Simunamve? Anthu ena anakadandaula, bwana wapolisi n'kuwaitana amuna anu. 'Bambo, ndinu wakuba?' Iwo: 'Wakuba amasiya belu?' Bwana uja anakanda mutu. 'Ndiye mwagulitsa?' 'Ayi.' 'Mwabwereka?' 'Ayi.' 'Mwapereka mphatso?' 'Mphatso yanji, si zanga zonse.' Bwana anatuluka thukuta, n'kuwauza kuti dzipitani. Atatembenuka kuti amwe tiyi, kapu palibe, patebulo pali bakha wamkuwa. Kapu yake ndi iyi, ndimaikamo mabatani. Bakha uja mpaka lero ali pompo, akuti akamusuntha ofesi siioneka bwino."

"Ine ndikufuna kagalasi kanga, atelala."

"Kachitsulo?"

"Kamtengo."

"Ka nsomba kuseri?"

"Timbalame."

"Aaa, timbalame ndiye tili pa wotchi ya kwa azamba. Koma si galasi. Kapena ndi galasi? Ayi, imalira."

Anafika kwa azamba, wotchi inali itapita kwa aphunzitsi. Kwa aphunzitsi anapeza kampando kawo komwe, mphaka atagonapo, ndipo akazi a aphunzitsi analumbira kuti kampandoko anakwatiwa nako. Nyumba ina anawabwezera ketulo yoti sanaionepo chibadwire. Nyumba inanso anawafunsa ngati abwera kudzasintha zinthu m'malo mwa malemu, poti pashelefu pakhala chimodzimodzi kuyambira tsiku lija. Dzuwa likupendeka mayi aja anali atanyamula ketulo ya eni, belu lili m'thumba likungolira ngwe ngwe akamayenda, agalu akuwatsatira, mutu ukuzungulira. Anayamba kudzikayikira okha. Kodi timbalame tinalipodi? Kodi mayi awo anawasiyiradi galasi, kapena linali belu lomweli?

Anaima pakati pa msewu n'kuyamba kuyankhula ndi mphepo. "Chinthu chimodzi chokha ndinakupemphani, bambo inu. Chimodzi!"

Msewu unangoti zii. Ndipo kunena zoona, msewu wathu wakhala choncho chipitire a Msamutsa. Kale ukalowa m'nyumba mwako umayamba waunguza kaye, lero chasintha n'chiyani? Chikasowa umapita kwa aneba kukafunsa, ukafika akupatsa mpando, macheza ayambika, waiwalanso chimene umafuna. Anthu oti sankayankhulana ankapezeka akuseka pakhomo chifukwa cha kanjovu. Pano chilichonse chili pamalo pake. Fumbi lokha ndi limene likuyenda.

Pamene mayi aja anaimapo panali pafupi ndi kachipinda kometera. Wometa anasuzumira, makina ali m'manja, munthu amene ankamumeta mutu uli theka.

"Amayi! Ndakhala ndikukudikiranitu. Mwachedwa kuti?"

"Kundidikira?"

Anatsegula kabati yake ya zipeso, n'kutulutsa kanthu kokulunga m'thaulo. Mayi aja anaika ketulo pansi. Anafunyulula pang'onopang'ono. Chigwiriro chamtengo. Anatembenuza. Timbalame tonse tilipo.

"Malemu anabwera nako asanagone m'chipatala muja," anatero wometa. "Anati ndisaonetsere munthu aliyense, ngakhale wometa bwino chotani. Ndiye ine ndati, madala, mwaba kagalasi ka mayi? Mufatu musanadwale. Iwo mutu pendeke: 'Wakakwirira m'dirowa ngati mbewu. Zaka zonsezi sadziyang'anamo. Akasowe kaye. Akakapeza ayang'anamo.'"

"Ankanena choncho?"

"Ndikulumbira. Anati diso ndi laulesi. Chinthu chikakhalitsa malo amodzi silichionanso, chimangosanduka khoma. Ukachisuntha m'pamene mwini wake amati, iii, kamphika kanga kokongola kaja."

"Nanga mphepo ija? Wailesi ija?"

"Amayi, inu munakhala nawo. Akanayankha zoona kawiri?"

 Mayi aja anakweza kagalasi kaja. Anadziyang'ana nthawi yaitali, anagwira tsaya, anagwira imvi za pamwamba pa khutu.

"Koma ndiye ndafanana ndi mayi anga," anatero motsitsa. "Zinayamba liti zimenezi?"

Munthu wa mutu watheka uja anatsokomola kuti mwina amukumbukire. Palibe anamuyang'ana.

"Ndinawaputanso tsiku lomwelo," wometa anapitiriza, akupukuta makina ake pamalaya. "Ndati madala, zonse mwasamutsa, msewu wonse mwaubalalitsa. Nanga mayi akunyumba aja, akhalitsatu malo amodzi, bwanji osawanyamula m'thumba n'kukawaika pashelefu ya aphunzitsi?"

Mayi aja anatsitsa kagalasi. "Mwana wopanda ulemu iwe. Ndiye anati chiyani?"

Wometa anapendeketsa mutu, n'kutsina mphuno kuti mawu atuluke ngati eni ake.

"Ameneyo musiyeni pomwepo. Chibwerere m'nyumba mwanga, diso langa silinamumalize."