Timawaya Topaka Utoto

Cholinga changa chinali chabwino, ndipo ndikupempha kuti mfundo imeneyi isaiwalike. Ndinatha milungu iwiri ndikujambula mawu a amayi ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera Phiri la Zomba, pofufuza momwe ogula amawaponderezera. Mawu onsewo ndinayenera kuwalemba ndi kuwapereka kwa ondiyang'anira Lolemba m'mawa. Loweruka, chingwe cha mahedifoni anga chinaduka pafupi ndi pulagi. Popanda mahedifoni, m'zojambulazo munkangomveka mphepo ya kuphiri ndi malole a matabwa.

Ndinapita kumsika kwa Che Amidu, okonza mafoni. Anachitembenuza chingwecho kawiri, n'kundibwezera.

"Achemwali, ichi mubwere nacho dzuwa likapendeka."

Nthawi yomweyo kunafika bambo wina wa tayi, ndipo foni yake inatsegulidwa ine ndili chiimire.

Ine ndinadutsa ku yunivesite, tsankho ndimalizindikira ndikaliona. Sindinafunse kanthu. Ndinagula kwa Che Amidu omwewo waya wowotcherera, uja wofewa wosungunuka ukatentha, ndipo chitsulo chowotcherera ndinakabwereka kwa eni nyumba imene ndimachita lendi ku Sadzi. Kodi kulumikiza timawaya titatu kungavute kuposa mayeso a zaka zinayi?

Nditasenda chingwecho ndinapeza timawaya topyapyala ngati tsitsi: kofiira, kobiriwira ndi kena konga golide. Tinkanyezimira, choncho ndinagamula kuti n'chitsulo chosavala kanthu. Ndinasungunulirapo dontho loyamba. Linagubuduka ngati madzi pa tsamba la nthochi n'kugwera pansi. Dontho lachiwiri linatsatira linzake. Dontho lachitatu linasankha nsalu ya patebulo imene mayi a panyumbapo analuka pamanja, ndipo bowo lake ndinalivindikira ndi dikishonale.

Poganiza kuti nsonga zapsa, ndinadula chingwe pang'ono n'kuyambiranso. Zinakana. Ndinapala ndi lezala, timawaya tinaduka. Ndinadulanso. Munthu wanzeru akanaima pa ulendo wachitatu, koma ine ndinafika wa khumi ndi chimodzi, ndipo zotsatira za ulendo uliwonse ndinkazilemba m'kope monga anatiphunzitsira. Kafukufuku ameneyu anandifikitsa pa mfundo imodzi yokha: ndagulitsidwa waya wachinyengo chifukwa ndine mkazi.

Dzuwa litapendeka ndinalidi kumsika, koma osati kudzakonzetsa. Ndinaponya waya uja pa kauntala, n'kuima patsogolo pake, kope m'manja, n'kukweza mawu kuti ogulitsa tomato ndi akabaza amve.

"Bambo, m'mawa munandibweza n'kuthandiza mwamuna wobwera pambuyo panga. Kenaka munandigulitsa waya wosagwira. Ndauyesa kakhumi ndi kamodzi, umboni ndi uwu. Kodi amayi tidzaleka liti kuonedwa ngati osadziwa kanthu?"

Ndinalankhula mphindi zingapo, ndipo ndikuvomereza kuti ndinatchulako malamulo a dziko lino. Che Amidu anamvetsera mwaulemu, manja ali kumbuyo. Nditapuma, kuseri kwa kauntala kunadzuka mayi wachikulire wovala hijabu ndi magalasi, amene sindinamuone pofika.

"Che Amidu, alendowa mwawalakwira chiyani?"

"Ndinawauza kuti adikire inu." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Awa ndi Abiti Yusufu, akunyumba kwanga. Timawaya tating'ono ine sinditiona, maso anatha. Amakonza ndi iwowa, koma m'mawa anali kokaona wodwala ku Chikamveka. Bambo aja inali batire chabe."

Msika wa Zomba sukhala chete, koma panthawi imeneyo unayesetsa ndithu.

Abiti Yusufu anatambasula dzanja, ine n'kupereka mahedifoni. Anayatsa machesi, n'kudutsitsa nsonga ya kawaya kalikonse pamoto, n'kupala mwaye ndi chikhadabo. Atagunditsa chitsulo chotentha, dontho linakakamira pomwepo ngati lafika kwawo.

"Timeneti n'topaka utoto kuti tisagundane m'kati, mwanangu. Osayamba mwawotcha utotowo, mungasungunule waya wa m'sitolo yonse, osagwira."

"Kodi mwagwiritsa ntchito waya uti?" ndinafunsa, ndikufunafuna pothawira.

"Wanu womwewu. Wachinyengo uja."

Akabaza anagwira zishalo za njinga zawo kuti asagwe ndi phwete. Mayiwo sanaseke n'komwe. Analumikiza pulagi, n'kukweza mahedifoni m'mwamba, pulagiyo ikulendewera pa kachingwe kosapitirira chikhato.

"Nanga chingwe china chonse chili kuti?"

"Chili kunyumba," ndinayankha. "M'zidutswa khumi ndi chimodzi."

"Ee, koma sukulu!" anatero wa kabaza wina, ndipo palibe anamudzudzula.

Ndinapepesa kwa Che Amidu ndi mawu otsika kwambiri kuposa amene ndinawadzudzulira nawo, chomwe n'chosalungama, ndipo ndikudziwa.

Ntchito ndinaipereka Lolemba pa nthawi yake. Ndinailemba Lamulungu lonse nditawerama, tsaya litatsamira m'mphepete mwa laputopu, ngati namwino womvetsera kugunda kwa mtima wa wodwala. Ondiyang'anira ataona khosi langa litapindikira kumanzere anandiyamikira kuti ndine munthu wodzichepetsa. Sindinawatsutse.

Kulimbana ndi tsankho sindidzasiya. Koma kuyambira tsopano, ndisanatsegule kope pamaso pa anthu, ndizidzayamba ndasuzumira kuseri kwa kauntala.