Komiti Yoteteza Tulo

M'mudzi wina umene dzina lake tilivundikira ndi mbale poopa milandu, mudzi umene msewu wa phula unkafikako pa nthawi ya kampeni yokha, ndiponso pakamwa pokha, munali bala imodzi yotchedwa Pumani Kaye. Mwini wake anali mayi Nangondo, mzimayi wa mawu ochepa amene anayamba ndi kugulitsa tomato pa thebulo mpaka kufika pokhoma chiphaso cha ku khonsolo pamwamba pa mabotolo. Chiphasocho chinkanena mosapita m'mbali kuti bala izitsekedwa 8 koloko madzulo.

Vuto linali lakuti anthu a ludzu lenileni, akabaza ndi antchito a pa chigayo, ankaweruka 8 koloko ili pafupi. Ankafika akuthamanga, n'kumwa ngati akuzimitsa moto, ndipo ena ankagwa asanafike n'komwe pa msewu. Choncho mayi Nangondo analembera khonsolo kupempha kuti azitseka 10 koloko, kuti anthu azimwa ngati anthu. Khonsolo inamata chidziwitso pa khoma la chigayo: wotsutsa aliyense anene pasanathe masabata atatu.

Woyamba kudandaula anali mayi Dolika Chimutu, amene nyumba yawo inalekana ndi bala ndi mpanda wa udzu chabe. Iwo ankadzuka tambala woyamba kukazinga mandasi, ndipo anali ndi khanda la miyezi isanu. Dandaulo lawo anangolitchula pa mjigo potunga madzi, koma mawu a pa mjigo sachedwa kumera mapiko. Pofika masana anali atatera m'khutu mwa bambo Kaliwo, amene anagwirapo ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu ndipo ankavalabe tayi ngakhale popita kudimba.

"Nkhani iyi ndi yayikulu," anatero bambo Kaliwo. "Sitingaisiye m'manja mwa munthu amene akuvutikayo."

Tsiku lomwelo inabadwa Komiti Yoteteza Tulo, Bata ndi Chikhalidwe. Bambo Kaliwo anadzisankha mosapikisidwa kukhala Wapampando Wamkulu Woyambitsa. Bambo Sambakunsi, mkulu wa mpingo amene ankaimba besi yogwedeza malata, anakhala Mlembi Wamkulu ndi Mlangizi pa Zauzimu. Abambo ena anayi a mimba zolemekezeka anagawana maudindo otsala. Mayi Dolika nawo sanaiwalidwe: anawapatsa udindo wa Membala Wapadera Woona Zosesa pa Malo a Msonkhano, udindo umene sunkafuna kulankhula.

Komiti inayamba ntchito ndi mphamvu. Inabwereka chimkuzamawu, n'kuchikweza pa wilibala pamodzi ndi batire la galimoto, ndipo m'mawa uliwonse dzuwa lisanatuluke inkazungulira mudzi wonse.

"Dzukani, anthu inu, dzukani! Tulo tanu tili pa chiopsezo!"

Agalu ankauwa, nkhuku zinkatsika m'mitengo nthawi isanakwane, ndipo khanda la mayi Dolika linaphunzira kulira likangomva tayala la wilibala. Wina atadandaula, bambo Sambakunsi anafotokoza kuti limeneli silinali phokoso koma uthenga.

Kutatsala masiku awiri kuti nkhani imvedwe, bambo Kaliwo anapita kukaonana ndi mayi Nangondo masana, bala ilibe anthu. Analowera chitseko cha kuseri, ndipo sanafunse njira, pakuti miyendo yawo inkaidziwa.

Apa mpofunika kuulula zimene chiphaso sichinkadziwa. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, 8 koloko ikakwana n'kutsekedwa chitseko cha kumaso, cha kuseri chinkatseguka mwakachetechete. Mmodzimmodzi ankalowa abambo amene ulemu wawo sunkawalola kuoneka ndi botolo pagulu. Kunyumba ankatsanzika kuti akupita ku msonkhano wa chitukuko, ndipo ankabwerako 10 koloko atatukuka ndithu. Zinayamba ngati chifundo cha tsiku limodzi kwa bambo Kaliwo, kenaka iwo anabwera ndi mnzawo, mnzawoyo ndi mlamu wake. Abambo amenewa analipo asanu ndi mmodzi, ndipo mwangozi chabe ndi omwewo amene ankapanga komiti.

"Mayi, kachotseni pempho lanu lija," anatero bambo Kaliwo akukonza tayi. "Zinthu zili bwinobwino momwe zililimu."

"Zili bwino kwa inu, bambo. Ine ndimakutsanulirani mowa mtima uli m'mwamba. Tsiku limene apolisi adzagogode, adzang'amba chiphaso changa, osati tayi yanu."

"Nanga mukamatseka 10 koloko, ife tizilowa nthawi yanji? Mukufuna a Sambakunsi azikhala benchi limodzi ndi wakabaza amene amamuphunzitsa katekisimu?"

"Muzilowera kumaso ngati anzanu."

Bambo Kaliwo anaseka ngati amva nthabwala ya mwana. Kenaka anatsitsa mawu.

"Mukaganiza zotiulula, mukumbukire kuti wogulitsa mowa nthawi itapitirira ndinu. Ife ndife ogula chabe."

Akuluakulu sananame: khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Lachinayi kunabwera pa njinga yamoto bambo Mlomba, Wachiwiri kwa Wogwirizira Udindo wa Mkulu Woona za Ziphaso. Anapepesa kuti makina oyezera phokoso sanabwere nawo, chifukwa anapita ku maphunziro ndi bwana wamkulu chaka chatha ndipo onse awiri anali asanabwerere. Anati ayeza ndi khutu, limene boma linkalikhulupirira chimodzimodzi.

Msonkhano unachitikira pa shedi ya chigayo, poti ndi pokhapo panali mthunzi wokwanira. Mwini chigayo anakana kuzimitsa makina chifukwa mzere wa matumba unali wautali. Motero bambo Kaliwo analankhula za kuipa kwa phokoso kwa ola lathunthu popanda womva liwu ndi limodzi lomwe. Anthu ankangoona pakamwa pakutseguka ndi chala chikuloza kumwamba, ndipo chala chikatsika ankaomba m'manja.

Kenaka magetsi anazima, monga mwa mwambo wawo. Chigayo chinatsokomola n'kukhala chete, ndipo mawu omaliza a Wapampando anamveka bwino lomwe.

"Usiku, bwana, Mulungu anaulengera kugona! Munthu wolongosoka 8 koloko imamupeza pakhomo pake!"

Amayi analuluta. Mayi Kaliwo, amene anakhala kutsogolo, anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali osaphethira.

Bambo Mlomba anafunsa mayi Nangondo ngati anali ndi choyankha. Iwo anaimirira n'kuyang'ana abambo asanu ndi mmodzi aja mmodzimmodzi.

"Zimene ndinalemba m'kalata ndi zomwezo, bwana."

"Chabwino. Tsopano amene amakhala pafupi kwambiri ndi bala ndani?"

Bambo Sambakunsi anayamba kufotokoza kuti komiti ndiyo inkaimira onse a pafupi ndi a kutali, koma anthu anali ataloza kale mayi Dolika, amene anaima kumbuyo ndi tsache m'manja ndi mwana kumsana.

"Ine, bwana, nyimbo za madzulo sizindivuta," anatero iwo. "Mwanayu amagona nazo. Akabaza akamatuluka amakuwa pang'ono, n'kutha. Limandisautsa ndi phokoso loyamba bala ikatsekedwa."

"Bala yotseka ichita bwanji phokoso?"

"Ndi phokoso la anthu amene akuyesetsa kusachita phokoso. Kunong'ona. Kusekera m'mphuno. Wina amati 'shii!' mokweza kuposa amene akumuletsayo. Wina amayamba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu a pansi, mbale zanga n'kumanjenjemera pa thandala. Ndiye potuluka, pepani akuluakulu, onse amathirira mpanda wanga. Chigawo chimenecho udzu wake unawola."

Pa shedi panagwa bata limene komiti inakhala ikulifunafuna masabata atatu. Bambo Sambakunsi anayamba kuwerenga mwachidwi zolembedwa pa thumba la chimanga. Mayi Nangondo anagwira m'mphepete mwa benchi, akuona m'maganizo chiphaso chawo chikung'ambika.

"Anthu amenewa munawaona nkhope?" anafunsa bambo Mlomba.

Mayi Dolika anayang'ana mnansi wawo, mayi Nangondo, amene anawabwereka poto wamkulu pa tsiku la ubatizo wa mwana. Anasuntha mwana kumsana.

"Kumakhala mdima, bwana."

"Ndi amphaka amenewo!" anafuula bambo Kaliwo. "M'mudzi muno amphaka achuluka."

"Amphaka oimba besi?" anafunsa mayi Kaliwo, osatembenuka.

Bambo Mlomba, amene ankafuna kubwerera mvula isanagwe, analemba mofulumira n'kuwerenga chigamulo. Pempho la mayi Nangondo lakanidwa, poganizira nkhawa za komiti yolemekezeka. Bala izitsekedwa 8 koloko monga kale. Ndipo pofuna kuthana ndi amphaka, zitseko zonse ziwiri zizikhomedwa ndi loko kunja, makiyi n'kumagona kwa mnansi wapafupi, mayi Dolika Chimutu, mpaka m'mawa.

Anthu ananyamula bambo Kaliwo m'mwamba n'kuzungulira nawo chigayo katatu. Amene anaona nkhope yawo amati sanaonepo munthu wopambana mlandu akuoneka ngati akupita kokazulidwa dzino.

Walira mvula walira matope. Kuyambira tsiku limenelo misonkhano ya chitukuko inatha, osalengeza. Bambo Kaliwo anapezeka pakhomo 8 koloko, ndipo anadabwa kuona kuti m'nyumba mwawo munkakhala adzukulu anayi, onse ndi masamu ofuna kuthandizidwa. Akazi awo anali ndi nkhani za zaka zisanu ndi chimodzi zosunga, ndipo anayambira pa chiyambi. Kwa a Sambakunsi, mayi a kunyumba anayambitsa mapemphero a banja a maola awiri, poti mwini nyumba tsopano anali ndi mpata. Membala wina anayesa kukapempha makiyi kwa mayi Dolika ponena kuti anaiwala chipewa m'bala. Anamuuza kuti chipewa sichilira usiku.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi komiti inakumana mwadzidzidzi. Itaunika mozama, inapeza kuti bata likachuluka limasowetsa tulo, ndipo inalemba kalata yopempha khonsolo kuti Pumani Kaye izitseka 12 koloko, kuti akabaza akatopa n'kumapita, anthu ena apezeko mpata wowunika mmene zinthu zikuyendera. Chinatsala ndi siginecha ya mwini bala.

Abambo onse asanu ndi mmodzi anapita m'mawa, ndipo kwa nthawi yoyamba analowera kumaso. Anapeza mayi Nangondo akupukuta matebulo, nkhope ili see, maso oyera ngati a mtsikana. Pakona panakhala mayi Dolika akumwa tiyi.

Mayi Nangondo anawerenga kalatayo mpaka pansi, n'kuipinda bwinobwino.

"Pepani, akuluakulu, sindisaina."

"Koma mayi, munkafuna ndinu!" anatero bambo Kaliwo. "Ife tikukuonjezerani maola anayi athunthu!"

"Ndinkafuna ndisanalawe. Masiku asanu ndi anayi awa ndagona ngati mwana, mutu unkandiwawa uja unasiya, ndi miyendo inkatupa ija yaphwa. Ndimati tulo ndi nkhani yongokamba pa msonkhano, osadziwa kuti n'tokoma chonchi." Anawabwezera kalatayo ndi manja awiri. "Ndiye dzulo ine ndi a Dolika talembera khonsolo. Tapempha kuti tizitseka 7 koloko. Tatchulamo kuti komiti yanu itithandiza."