Chumuni Chapangodya ndi Thadzi la a Nangondo

Lolemba, 14 Julaye

Alipo: ine, amake Esinati, mwana wathu Esinatiyo, ndi alamu anga a Wedisoni, amene ndi nkhoswe yake.

Nkhani: Lamulungu kukubwera ankhoswe a mnyamata amene akufuna Esinati. Anthu anayi, ochokera ku Limbe. Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Pa tsikulo oyankhula ndi alamu, ine ayi. Chondiyankhulira ndi nyumba imene ndinamangayi. Ndiye ioneke bwino!

Zovuta pabalaza ndi ziwiri:
1. Chumuni chowothera moto. Mmisiri anati pakati pali mtanda wa denga, ndiye anachikankhira kungodya. Chimangireni sitinasonkhemo moto. Timasungamo matumba a chimanga.
2. Kaphanga ka m'khoma, pambali pa chumunicho. Kale linali zenera. Titawonjezera chipinda kuseri, mmisiri anangotseka kunja kokha.

Esinati akuti, "Bambo, pabalaza pathu pali ngati munthu wanyamula ndowa dzanja limodzi."

Dongosolo: kupaka laimu, kusunthira kabati mbali yopanda kanthu kuti kulemera kufanane, kuika chokongola m'kaphanga. Ntchito ya masiku awiri basi.

Lachiwiri, 15 Julaye

Ku Boma pa njinga. Laimu ndi bulashi K9,500. Ndapereka K6,000, yotsala wasitolo akuti ndimalize ndikagulitsa nandolo.

Tikusuntha kabati. Ikulemera ngati ili ndi mizu. Kuseri kwake khoma ndi la njerwa zokhazokha, lopanda pulasitala! Mmisiri uja anapaka mozungulira kabati. Tikuibwezera pamalo pake mwakachetechete. Kapu imodzi ya alendo yasweka.

Ndapakabe laimu. Chiperoni chatsika m'phiri, khoma silikuuma. Alamu atsamira khomalo pokambirana za mbuzi ya alendo, apita kwawo ndi msana woyera. Sindinawauze. Anali atafika kale pamsewu.

Lachitatu, 16 Julaye

Tsiku la kaphanga. Zimene ndayesa:
Wailesi. Siikulowa, yatsala pang'ono.
Chithunzi cha ukwati wathu. Chikulowa chopendekeka, ine pansi, mayi pamwamba. Mayi akuti chili bwino chomwecho.
Kalendala yotsekera pamwamba. Mphepo ikaomba ikumalowa m'kati ndi kutuluka, ngati khoma likupuma.
Maluwa a pulasitiki, kansalu koyera ndi kandulo. Zokongola ndithu! Koma a Nangondo, mayi woyandikana nafe, angolowa n'kugwada. Akuti amayesa tatsegula tchalitchi. Ndachotsa.

A Nangondowo abwerera nkhani ya thadzi lawo. Anatipatsa kuti tiziweta, likaswa tidzagawane anapiye pakati. Linasowa kumapeto kwa Juni. Ine ndimati mwina ndi agalu. Iwo akuti, "Galu wa masiku ano amadya ndi tomato." Ndalonjeza kubweza lina.

Lachinayi, 17 Julaye

Kuzizira kwakula. Mayi akuti alendo a m'tauni tisawakhazike mozizira, chumuni chiyake. Tikutulutsa matumba. Loyamba, lachiwiri, lachitatu... china chake chandijompha pa dzanja!

Thadzi la a Nangondo! Lili phee m'chumuni, kuseri kwa matumba, likufungatira mazira asanu ndi anayi. Limalowera pa zenera losweka galasi. Ife pabalaza sitikhalapo, timapasungira alendo, ndiye thadzi linaona kuti mlendo ndi ilo.

Ndasangalala kwambiri. Dzina langa layera kuposa khoma. Ndaitana a Nangondo kuti adzaone galu uja. Aseka mpaka kukhala pansi.

Mayi aika mazira m'chitete ndi udzu womwewo. "Tingoika m'kaphangamu kwa kanthawi," akutero. Chitete chikulowa bwinobwino, ngati anachita kuyeza. Thadzi lazungulira kawiri, lalumpha, lakhalapo.

A Nangondo akuti, "Lavomera kamodzi, kachiwiri silivomera. Mukalisunthanso lisiya mazira, ndipo mulipira onse, achimwene."

Lachisanu, 18 Julaye

Kuyesa moto. Utsi m'malo mokwera kumwamba ukubwera kudzatipatsa moni. Tonse panja, misozi chuchuchu. Thadzi lokha osasuntha.

Ndakwera padenga ndi nsungwi. Mwagwa zisa za mbalame, masamba, ndi mpira wachikulunga umene ana anausaka chaka chatha. Tsopano utsi ukukwera bwino, moto ukuyaka mokoma! Ndaima panja kuonerera utsi ukutuluka pa nyumba yanga ngati kwa abwana a ku esiteti.

Koma mwaye wagwa pakhoma lonyowa. Laimu wa K9,500 wasanduka wotuwa, wamawangamawanga ngati nkhanga.

Esinati walira pang'ono. Akuti, "Akakanena kuti kwathu nkhuku zimakhala pabalaza, ine ndidzayang'ana kuti?" Ndamuuza kuti asadandaule, bambo ake aganiza. Sindinaganize kanthu.

Loweruka, 19 Julaye

Ndaganiza: katani! Chitenje chatsopano cha mayi, misomali iwiri, chingwe. Kaphanga kabisika. Munthu sangadziwe kanthu, kupatula pamene katani ikutulutsa mlomo.

Mipando ndaiyala pakati, yoyang'anizana, alendo uku eni mudzi uku, misana kuchumuni ndi kukatani. Madoyilo, tinsalu toluka tokongoletsera, pa mpando uliwonse. Pamene mwaye wachuluka ndapachika kalendala, chithunzi cha ukwati, ndi satifiketi ya ubatizo ya Esinati. Khoma ladzaza ngati ofesi ya sukulu.

Alamu ayendera. Akuti, "Alamu, thadzilo mawa lisayankhule. Mkamwini sayankhula, nkhuku yakenso isayankhule." Ndalipatsa madeya ambiri kuti ligone lokhuta.

Lamulungu, 20 Julaye

Alipo: alendo anayi, motsogozedwa ndi azakhali a mnyamata, alamu, mayi, akuluakulu awiri a pamudzi, ndi ine pakhomo. Esinati kuchipinda, khutu pachitseko.

Chiperoni chokhachokha, phiri silikuoneka. Alendo alowa akunjenjemera. Asanamalize moni, azakhali akoka mpando wawo kupita kungodya kuli moto. Ena onse atsatira. Madoyilo pansi. Pakati pamene ndinakonza patsala tebulo lokha.

Nkhani yayamba bwino, kenako yauma. Alendo akufuna ana akakhale ku Limbe. Alamu akuti mwana wamkazi sachoka pamudzi chisawawa. Onse ziii.

Kuseri kwa katani: piye! piye!

Azakhali atambasula dzanja, akoka chitenje cha mayi. Thadzi lawayang'ana. Pansi pa phiko patuluka kamutu kachikasu, kenako kena.

Ine ndikufuna nthaka itseguke. Koma azakhali aomba m'manja, aimba nthungululu! Akuti kwawo kwenikweni ndi ku Kadewere, ndipo chichokereni kumudzi sanaonenso anapiye akuswa. "Nyumba imene nkhuku ikuswera pamaso pa alendo, mwana wathu angakane bwanji kugonamo?" Alamu aseka, onse aseka. Agwirizana: ntchito ku Limbe, koma nyumba amange kuno. Chinkhoswe mu Seputembala.

Potsanzikana azakhali andigwira dzanja. Akuti, "Bambo, munaganiza bwino kumangira nkhuku malo pafupi ndi moto. Amisiri a m'tauni nzeru imeneyi alibe." Ndangoti zikomo. Mkamwini sayankhula.

Laimu palibe wamuona. Chumuni chili pomwe chinali, kabati pomwe inali. Esinati akuimba kukhitchini. Kaphanga ndakasiya, kapeza mwini wake.

Aswa asanu ndi atatu, dzira limodzi lafa. Athu anayi, koma mayi alonjeza awiri kwa azakhali, ndipo Esinati akuti awiri enawo ndi oyambira banja. Anga: palibe.

Ngongole yotsala: kwa a Nangondo anapiye anayi, akakula. Kwa wasitolo K3,500.